Mafupa Awiri Pansi pa Chogwirira

Ine kuwerenga sindidziwa, ndipo ndinasiya kalekale kuchita nazo manyazi. Sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri, chaka chimene bambo anamwalira, moti zilembo ndimaziona ngati nyerere zogwera mu ufa. Komabe pafupifupi nthawi yonse imene ndinakhala ku Lusaka ndinkawerenga tsiku ndi tsiku, kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo ankandilipira kuti ndikatha kuwerenga ndizifufuta.

Ndinachoka kwathu ku Mchinji amuna anga atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Ana anga awiri ndinawasiya kwa akulu anga. Pamalire ndinaoloka ndi kapepala ka masiku ochepa, ngati munthu wokagula zinthu ku Chipata, koma ine ndinakwera basi yaikulu ya ku Lusaka. Kapepalako kanatha ntchito sabata yomweyo. Kuyambira pamenepo ndikaona munthu wovala yunifomu, ngakhale mlonda wa pasitolo, ndinkapatuka n'kudzera njira ina.

Mayi wina wa kumpingo anali atandilozera kwa m'bale wake ku George, komboni yothithikana ya kumadzulo kwa mzinda. Kumeneko ndinapeza kachipinda, ndipo khomo loyandikana nalo linali la amake Mada. Anali mayi wa ku Katete, wamfupi, wamphamvu, wokhala yekha ndi mwana wake wamkazi, ndipo pakamwa pake panali ngati wailesi yothyoka kotsekera. Dzina langa analimva kamodzi n'kulitaya.

"Imwe ndimwe ba Mchinji, kwasila," anatero. Komboni yonse inatengera pomwepo.

Ku George madzi ndi ogula. Umapita pa kiyosiki, kanyumba ka mipopi, n'kuima pamzere ndi chigubu chako. Wopanda chigubu si munthu. Ukhoza kusowa mpando, ukhoza kugona pamphasa, koma chigubu chabuluu cha malita makumi awiri chiyenera kukhalapo, ndipo wokhala nazo zinayi amayenda modzimva.

Amake Mada ndi amene anandipezera ntchito kumene iwo ankagwira, pa kampani ina ya kudera la mafakitale. Eni ake ankaitanitsa zinthu zamadzimadzi kuchokera kunja m'zigubu zabuluu zomwezo, n'kumazithira m'mabotolo ang'onoang'ono ogulitsa. Zigubu zina zinkabwera ndi viniga, zina ndi manyuchi opangira zakumwa. Koma zambiri zinkabwera ndi mankhwala ophera tizilombo ndi udzu m'minda. Ife tinali akazi anayi kuseri, pabwalo la simenti, ndi paipi ya madzi, sopo waufa ndi timipeni. Ntchito yathu inali kutsuka zigubu zotha ndi kupala mapepala omatidwa m'mbali mwake.

Tsiku loyamba ndinaima n'kumayang'ana pepala lodzaza ndi zilembo. Amake Mada anandiseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Osavutika na vilembo, ba Mchinji. Olo ba Supa, kapitawo wathu, sibaviziba, ni va ku China. Yanganani chabe chithunzi. Iyi nsomba yagona chagada, yafa. Uyu mtengo wauma. Manje mufuna bakuuzeni chani futi?"

Zoonadi, panalibe chofunsa. M'timabokosi ta mzere wofiira munali tizithunzi takuda. Lawi la moto. Dzanja limene dontho laligwera n'kulidya mpaka kukumbika. Munthu wosweka pachifuwa ngati galasi logendedwa. Ndiyeno mwini wake wa zonse, chibade cha mutu wa munthu, mano ali pamtunda, mafupa awiri atapingasana pansi pake. M'munsi mwa pepala munali tina tating'ono: magolovesi, nsapato zajombo, munthu akusamba m'manja pampopi, botolo lotsekeredwa m'kabati mwana ali panja.

Ndinazikonda zithunzi zimenezo, ndisaname. Moyo wanga wonse mapepala ankalankhula ndi anthu ena, ine n'kumadikira kuti wina andiuze, ndipo wondiuzayo ankasankha zoti anene. Koma munthu amene anajambula chibade chija, kaya ali dziko liti, anali ataganiza za ine. Anadziwa kuti kwinakwake kuli mkazi wosaphunzira amene adzagwire chigubu ichi, ndipo anapeza njira yondiuza popanda womasulira. Magolovesi ndi jombo zomwe anajambulazo sitinazionepo ndi maso, koma iye mbali yake anachita.

Kapitawo wathu, amene tonse tinkamutcha ba Supa, anali bambo wa mimba yotsogola, wokonda kutafuna kamtengo ka machesi. Lamulo la eni kampani linali lakuti zigubu za chibade azibooleratu kuti zisagwirenso ntchito. Ba Supa ankaboola ziwiri kapena zitatu n'kuziika pamwamba pa mulu, kuti bwana akasuzumira aone. Zotsalazo tinkapala zonse, ndipo Loweruka zinkatuluka pageti pa kalole kupita ku George, kumene akazi awo anali ndi benchi yogulitsira pafupi ndi kiyosiki.

"Palani bwino, kasasale kapepa olo kang'ono," ankatero. "Kulibe chamene manzi na sopo vikangiwa kuchosa."

Bodza. Mankhwala ena ankalowerera m'pulasitiki. Ukatsuka katatu, n'kusiya chigubu padzuwa chotseka, ukatsegula fungo linkabwerera, longa palafini wosakaniza ndi adyo. Manja athu ankasupuka khungu ngati a munthu wosenda chinangwa chowawa. Koma chigubu chikapalidwa, cha viniga ndi cha poizoni zinkafanana ngati mapasa.

Ndinapala miyezi ingapo osaganiza, maso ali pa zimene ndinkatumiza kwathu. Kenako m'mawa wina ndili pamzere wa madzi, mayi wina amene anali patsogolo panga anadzaza chigubu chake, n'kupendeketsa, n'kuthira m'chivindikiro kuti amwetse khanda limene linali kumsana. M'mbali mwa chigubucho munali kangodya kofiira ka pepala kamene mpeni unaphonya. Ndinakadziwa. Ndinali nditachipala ndine, ndipo ndinkakumbukira chimene chinali m'kabokosi kofiirako. Ndinayang'ana khanda likumeza, ndipo ndinangodzaza chigubu changa n'kumapita. Kwa eni kulibe mkuwe.

Tsiku limenelo kuntchito, nditapala chigubu cha chibade, dzanja linachita lokha. Chibade sindikanatha kujambula, n'chovuta ndipo nthawi panalibe. Ndinangodula mafupa awiri aja ndi nsonga ya mpeni, kamtanda kakang'ono, pansi pa chogwirira pamene diso silifika koma chala chimafika. Ndinachita chimodzi, ndinachita chachiwiri, mpaka mulu wonse.

Pobwerera, tikuyenda wapansi m'fumbi la malole, ndinawauza amake Mada. Anaima pakati pa msewu.

"Imwe! Kansi muli na nzelu so? Nenze kuyesa ndimwe bopusa chabe ba kumunzi!"

Ndinawapempha kuti asunge pakamwa. Kunali ngati kupempha mvula kuti igwe pamunda umodzi. Sabata isanathe, mzere wonse wa pakiyosiki unali ukudziwa kuti chigubu usanagule uyambe wapisa chala pansi pa chogwirira. Ukamva kamtanda, chimenecho n'cha madzi oumbira njerwa kapena otsukira kuchimbudzi. Ukapeza posalala, mwera. Dzina langa sanalitchule kwa anthu, ankangoti, "Kuli munthu wathu mukati."

Masiku amenewo ndi amene ndinasangalalapo ku Lusaka. Loweruka madzulo tinkaima chapatali n'kumaonerera amayi akusisita zigubu za akazi a ba Supa ngati akusankha nkhuku yonenepa, mwini benchi ali kukamwa yasa. Ngakhale agogo osaona bwino ankatha kuwerenga kalata yangayo. Ine amene sindinalembepo dzina langa, ndinali ndi anthu ondiwerenga komboni yonse. Tinkaseka mpaka misozi, tikudya chimanga chootcha chimodzi awiri.

Koma zigubu za kamtanda zinayamba kuunjikana pabenchi, ndipo akazi a ba Supa nawonso anali ndi chala. Lolemba lina ba Supa anatiimika tonse anayi padzuwa, chigubu chili m'manja.

"Ndani alemba pa vigubu vanga?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ngati simukamba, niitana ba Imigileshoni manje manje. Babwele bayangane vitupa va aliyense pano."

Ponena zimenezo maso awo anali pa ine, chifukwa nkhani ya mapepala anga ankaidziwa. M'maganizo ndinaona ana anga, ndinaona galimoto ya mawaya m'mawindo, ndinaona ndikutsitsidwa pamalire chimanjamanja.

"Ni ine," anatero amake Mada. "Ni ine nenze kulemba. Nanga muzanichita chani? Imwe mungamwele mu chigubu cha mutu wa munthu wakufa?"

Anawachotsa ntchito nthawi yomweyo. Ndinawaperekeza mpaka pageti ndikulira ngati mwana, iwo ndi amene ankanditonthoza.

"Osalila imwe. Ine nili kwathu, nizagulisa olo tomato. Imwe bakakugwilani, bana banu bazadya chani? Koma mpeni osauleka. Mwamvela?"

"Ndamva," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo ba Supa anabweretsa mpando pabwalo lathu. Chigubu chilichonse ankachipisa chala okha chisanapite pamulu. Pamenepo panalibe chimene ndikanachita, ndipo Mulungu akudziwa. Koma ulesi wa munthu sutha. Patapita milungu itatu anatopa ndi dzuwa ndi fungo, nabwerera kukakhala mumthunzi ndi foni yawo. Bwalo linatsala lathu ngati kale.

Mlandu wanga uli pamenepa. Sindinayambirenso. Ndinkagwira chigubu cha chibade, nsonga ya mpeni n'kufika pansi pa chogwirira, ine n'kuubweza osadula kanthu. Ndinkati mawa. Mawa likafika ndinkakumbukira kuti mwana wamkulu akufuna yunifomu, kuti akulu anga atumiza mawu a feteleza. Ndinkadziuza kuti anthu a ku George akhala akumwera m'zigubu zimenezi ine ndisanabwere, ndipo sanathe. Munthu ukafuna kudzikhululukira, zifukwa zimabwera zokha ngati ntchentche.

Choipitsitsa n'chakuti sindinawauze amake Mada. Madzulo aliwonse ankandifunsa pakhomo, "Nchito iyenda?" Ine n'kuyankha kuti ikuyenda. Nditatopa ndi kunama, ndinasamukira ku komboni ina, ku Lilanda, ndikunamizira kuti kumeneko minibasi sizivuta. Chimene ndinkathawa chinali maso awo. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo ine ndinafundidwa bwino pantchito imene mnzanga anandisiyira.

Dzinja linadutsa, chisanu chinadutsa. Lamlungu lina masana ndikugula masamba pamsika, ndinangomva wina wandigwira chitenje.

"Ba Mchinji! Mwanitaya so? Nakulakwilani chani? Tiyeni kunyumba, lelo simuthaba."

Anali ataonda, koma pakamwa panali pomwe paja. Njira yonse anandifotokozera za bizinesi yawo. Tomato anawakanika, ndiye anayamba kuphika munkoyo, chakumwa cha kumeneko chonga thobwa, n'kumagulitsa pamalo okwerera minibasi. Madalaivala ankaukonda, amayi a pakiyosiki ankatumiza ana ndi mabotolo.

M'chipinda mwawo, pakona, munali zigubu zitatu zabuluu. Mada, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi amene ndinamusiya akudumpha chingwe, anali atagona pamphasa, kansalu konyowa kali pamphumi.

"Uyu anivuta," anatero mayi ake. "Mutu, m'mimba, kusanza. Ku kiliniki bapima, bati si malungo. Apola, futi ayamba. Na ine mutu siuleka. Kapena ni bantu chabe, bamvela jelasi na munkoyo wanga."

Ine maso anali pa zigubu. Anaona, ndipo anaseka monyadira.

"Ni va kwa ba Supa, nenze natuma munthu anigulile. Osayopa, nagwila neka pansi, vonse vitatu ni vosalala. Masiku yano va kamtanda sivifika na pa benchi. Nauza bonse kuti mudala uja achita mantha, akapeza kamtanda achosa eka. Vamene vifika kuno ni voyela, chifukwa munthu wathu akali mukati."

Anatsegula chigubu chapakati n'kundithirira m'kapu. Pamene chivindikiro chinachoka, pansi pa kununkhira kowawasa kwa munkoyo, ndinalimva. Wina aliyense sakanalimva, koma ine fungo limenelo linkagona m'zikhadabo zanga. M'mbali mwa chigubucho munali pokhakhala pamene guluu wa mapepala a mzere wofiira ankakanirira. Kale, ndisanayambe nzeru zangazo, amayi a ku George ankanunkhiza chigubu, ankachiviika masiku ndi phulusa, ankachikayikira. Ine ndinawaphunzitsa kukhulupirira chala, kenako ndinasiya kulemba osawauza. Posalala paja panali pakunena kuti imwani, ndipo wonenayo ndinali ine.

"Mwani, ba Mchinji. Simumwa munkoyo wa mnzanu?"

Kapu inali m'manja mwanga. Pambale ya tomato panali mpeni. Ndinaika kapu pansi, ndinatenga mpeniwo, ndinagwada pa chigubu chija, ndipo ndinadula mafupa awiri pansi pa chogwirira, iwo akuona.

Amake Mada anabwera, napisa chala, nachisiya pomwepo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwana wawo pamphasa.

"Munaleka liti?"

"Tsiku lomwe munachoka."

"Siku yamene nachoka," anabwereza, motsitsa mawu. Sindinawamvepo akulankhula motsitsa chotero.

Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma ananyamula zigubu zija chimodzichimodzi, nakhuthulira munkoyo wonse m'ngalande, nkhuku za eni nyumba akuziingitsa ndi mwendo kuti zisamwe. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ngati mbuzi yogulidwa.

Pakhomo lililonse ankanena zomwezo, kuti chigubu chilichonse chogulidwa pabenchi ija chichokereni dzinja asamweremonso, chosalala kapena ayi. Anthu anafunsa kuti nanga chabwino achidziwa bwanji. Amayi ena anawatukwana. Wina anawaponyera chivindikiro kumaso, akuti, "Si ndimwe munatiuza kuti ni voyela? Na munkoyo wanu tamwa!" Iwo anangoima n'kulandira zonse. Ngakhale pamenepo sanaloze chala kwa ine, ndipo ine ndinaima pomwepo, wamoyo, osanena kuti wolakwa ndine.

Titafika pa kiyosiki anatembenuka.

"Yendani kwanu ku Lilanda. Nchito sinidandaula, nenze naitaya na mtima umozi. Mukanabwela chabe kuniuza kuti nachita mantha, sembe namvela, na ine mantha niyaziba. Koma mwanileka niuze bantu boza na kamwa kanga. Mwanileka nimwese mwana wanga na kwanja kwanga."

Ngati matenda a Mada anachokera m'chigubu chija, sindikudziwa, ndipo palibe dokotala anandiuzapo. Ndimangodziwa chimene mphuno yanga inamva.

M'mawa mwake ndinapita kuntchito ndili ngati woledzera. Chigubu chilichonse cha chibade ndinachibaya mpeni pamimba mpaka kutulukira, ba Supa akuona. Anakuwa, anatukwana mtundu wanga wonse, anandikankhira kunja kwa geti. Ndinakhala pamwala tsidya la msewu kudikira galimoto ya mawaya ija. Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Sikunabwere aliyense. Pamwala pomwepo ndi pamene nzeru zinandifikira, kuti munthu woba zigubu za poizoni sangaitane boma kuti lidzayendere bwalo lake. Chimene ndinachiopa miyezi yonseyo, chimene ndinagulitsira mnzanga, chinali mphepo ya m'kamwa mwa bambo wotafuna machesi. Ndinaseka ndekha pamsewu mpaka anthu odutsa kumandilambalala.

Ndinakhalako pang'ono ndikuchapa zovala m'nyumba za anthu, kenako ndinabwerera kwathu ndi chikwama chimodzi. Malata amene ndinkatumizira ndalama zogulira ndinawapeza ali padenga la alamu anga. Ana anga ankaitana akulu anga kuti amayi, ine n'kumanditchula kuti a ku Zambia. Mkwiyo ndinali nawo, koma ndikafuna kuutulutsa unkabwerera m'mimba. Ndani ine woti ndiweruze anthu pa nkhani ya kusunga zimene unasiyiridwa?

Ndinalima mtedza chaka chimenecho, ndipo unabereka. Nditakolola ndinasankha wabwino wokhawokha, ndinausenda ndi manja anga, ndinadzaza kathumba. Pamudzi pathu pali mayi wina amene amapita ku Lusaka kukaoda zovala. Ndinamulongosolera njira ya ku George, kiyosiki, khomo lachitatu kuchokera pa mtengo wa mapeyala, ndipo ndinamupempha kuti akapereke kwa amake Mada. Mawu sindinatumize. Ndinaganiza kuti mtedzawo ukanena wokha.

Patapita milungu iwiri mayi uja anafika pakhomo panga, kathumba kali pamutu, mfundo yake ili yomwe ndinamanga ine.

"Simunawapeze?" ndinafunsa.

"Ndinawapeza. Akugulitsa makala masiku ano."

"Nanga mwana?"

"Panali mtsikana atakhala pakhomo, woonda. Sindinafunse."

Anatsitsa kathumbako n'kukaika pamapazi anga, maso akuyang'ana kumbali.

"Sanakwiye, anandipatsa ndi mpando womwe. Koma akuti ndikuuzeni kuti zikomo, kungoti pakhomo pawo sadya chinthu chimene chadutsa m'manja mwanu."